Kusaka gwape ndi uta wachikale: mmene ndimachitira kuno ku Indiana

Chiyambireni kubweretsa nyama ya gwape tikamakumana aMalawi kuno ku South Bend, mafunso sakutha, wina akuti mwagula kuti, wina akuti munamugunda ndi galimoto eti, nde ndikanena kuti ndinalasa ndi uta ena amafuna ndiwatenge mawa lomwelo. Ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi kuti amene mtima wake ulipo ayambe bwino. Ndikukamba za uta wachikale, mtengo ndi nsinga basi, osati uja wa timawilo umene amati compound. Ndipo gwape amene ndikunena ndi wa kunoyu wa mchira woyera kunsi, white-tailed deer. Ndikumutcha gwape poti ndi dzina lomwe tinazolowera, koma musaganize za kagwape ka kumudzi kofanana ndi mbuzi, ayi. Wamkazi yekha amafika makilo 50 kapena 60, wamphongo wokhwima amaposa pamenepo kutali, ndipo nyanga zake n'zamphandamphanda ngati nthambi, zimagwa chaka ndi chaka n'kumeranso zina.

Mudziwiretu kuti uta uwu ndi chida cha pafupi. Ine sindiponya muvi nyama ikapitirira mamita 15, ndipo zonse zimene ndilembe m'munsimu ndi njira zoti mufike pa mamita 15 amenewo gwape asakudziwa, komanso kuti mukalasa nyamayo ife msanga ndipo muipeze.

Yambani ndi mapepala

Musagule kaye uta. Lowani pa intaneti mutsegule tsamba la Indiana DNR, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, muwerenge malamulo a chaka chimenecho chifukwa amasinthasintha, ndipo ngati muli steti ina werengani a kumeneko, a Michigan si a Indiana olo malire ali pafupi chonchi. Kuno sizoni ya uta imatsegulidwa pa 1 Okutobala mpakana Lamulungu loyamba la Januwale. Mufunika laisensi ya gwape, ndipo ngati munabadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 muyenera kuchita kaye kalasi ya hunter education, yophunzitsa kusaka mosamala. Kalasi imeneyi musaione ngati chokuvutitsani, ine ndinaphunziramo zambiri zedi. Uta ukhale wa mphamvu yosachepera mapaundi 35 pokoka nsinga. Nthawi yololedwa ndi kuyambira mphindi 30 dzuwa lisanatuluke mpaka mphindi 30 litalowa. Kuthira chimanga kapena mchere pansi kuti nyama izibwera n'koletsedwa, kuthamangitsa gwape ndi agalu n'koletsedwa, ndiye za uzimba zija za kwathu, anthu ambirimbiri ndi agalu ndi zibonga n'kutentha tchire, kuno iwalani. Muvi wopaka poizoni nawonso ndi mlandu. Makolo athu ankapaka ulembe wochokera ku mbewu za kombe, umene John Kirk anauona kwa Amang'anja m'chigwa cha Shire pa ulendo wa David Livingstone, ndipo ulembewo ndi umene unkamaliza nyama olo muvi ungokanda. Kuno palibe chokuthandizani chotero, muvi wokha uyenera kufika pamalo oyenera.

Munda wa munthu simulowa osapempha. Gogodani pakhomo miyezi isanakwane, osati tsiku lotsegulira, muvale bwino, munene dzina lanu ndi komwe mumagwira ntchito, ndipo munene kuti mumasaka ndi uta, alimi ambiri amamasuka akamva choncho poti palibe chipolopolo chodutsa pafupi ndi ng'ombe zawo. Mukaona mitengo yopakidwa penti yapepo ndiye kuti mwini wake akuti musalowe. Kulinso malo a boma otseguka kwa aliyense wa laisensi.

Kwa amene mukuwerenga muli ku Britain, kusaka nyama ndi uta kumeneko n'koletsedwa kotheratu, mungolasa chandamale basi. Ndipo kwathu ku Malawi kulowa ku Liwonde, ku Kasungu kapena ku Nyika ndi uta ndi mlandu waukulu, lamulo limene linakonzedwanso mu 2017 limafika zaka 30 kundende pa nyama zina zotetezedwa.

Kusankha uta

Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Mauta achikale alipo a mitundu itatu: recurve, umene nsonga zake zimapindikira kutsogolo, longbow wautali wowongoka, ndi selfbow wosemedwa ku mtengo umodzi, kuno amakonda mtengo wa osage orange kapena hickory. Woyamba kumene ndimamuuza atenge recurve yomasula ndi mabawuti, ngati Samick Sage ya mainchi 62, chifukwa mumatha kusintha mikono yake yokha osagula uta wina. Yambani ndi mikono ya mapaundi 30, muphunzire nayo miyezi ingapo, kenako mugule ya 40 kapena 45 yosakira. Ine ndinayamba ndi 55 poganiza kuti munthu amene anakula akulima ndi khasu sangavutike, koma minofu yokokera uta si ya khasu, ili kumsana pakati pa mapewa. Ndinkanjenjemera, ndinkataya nsinga ndisanafike nayo pankhope, ndipo chizolowezi choipacho chinanditengera pafupifupi chaka kuti chichoke. Mapaundi 45 ndi muvi wakuthwa amadutsa gwape mbali ina n'kutulukira mbali ina, musadzivutitse.

Nambala yolembedwa pa uta ija amayezera pa mainchi 28. Ngati manja anu ndi aafupi ndipo mumakoka mainchi 26 okha, mwataya mapaundi anayi kapena asanu, nde uta wolembedwa 35 kwa inu sukufika 35. Pitani ku shopu ya mauta akakuyezeni, akaonenso diso limene limalamulira pa maso anu awiriwo, chifukwa limeneli ndi limene limasankha ngati mutenge uta wa kumanja kapena wa kumanzere.

Pokunga uta gwiritsani ntchito kachingwe kokungira kamene amati stringer, osati kupanira uta pakati pa miyendo, mumapotoza mikono yake. Mukakunga yezani mpata wa pakati pa nsinga ndi chogwirira, pa uta ngati umenewu ukhale mainchi 7 ndi theka mpaka 8, ukachepa uta umasokosa ndipo nsinga imakumenyani padzanja, ndiye ipotoleni nsingayo kangapo ifupike. Mangani tiubweya tiwiri pa nsinga kuti tichepetse phokoso. Ndipo chonde, musadzakoke nsinga n'kuitaya popanda muvi, ndipo musalole mlendo achite zimenezo pakhomo panu, uta umatha kuthyoka pompo n'kukuvulazani kumaso.

Mivi

Muvi ndi wofunika kuposa uta, izi anandiuza ndi mzungu wachikulire amene ndinkagwira naye ntchito, yemwe anandiphunzitsa zonsezi, ndipo ndinazitsimikiza ndekha. Ukhale wa mtengo, wa aluminiyamu kapena wa carbon, zonse zili bho, bola ukhale ndi nthenga zenizeni za nkhukundembo osati zapulasitiki, chifukwa muvi umadutsa chokhudza uta ndipo nthenga imagona n'kudzukanso pamene pulasitiki imagunda n'kupotoza muvi. Kulimba kwa muvi, kumene amati spine, kugwirizane ndi uta wanu, pa mapaundi 40 mpaka 45 ambiri amayambira pa 500. Mukaona muvi ukuvina mchira pouluka musapite nawo kutchire, konzani kaye, mwina kufupikitsa pang'ono mwina kusintha kulemera kwa kumutu.

Muvi ukhale wolemera. Muyezo umene ambiri amatsata ndi ma grain 10 pa paundi iliyonse ya uta, ndiye pa uta wa 45 ndi ma grain 450, amene ndi magalamu pafupifupi 29. Ed Ashby, amene anayamba kafukufuku wake wa mivi ku Natal ku South Africa m'zaka za m'ma 1980, anapeza kuti muvi wolemera ma grain 650 kupita m'mwamba ndi umene umaboola fupa lalikulu modalirika. Pa gwape simukakamizika kufika pamenepo, koma phunziro lake ndi lomwelo, wolemera umalowa kwambiri komanso umatontholetsa uta.

Kumutu muike broadhead, kampeni ka kunsonga kwa muvi wosakira, ya mbali ziwiri zakuthwa, ngati Zwickey, ya ma grain 125 kapena kuposa. Zija zotseguka zokha zikagunda nyama zisiyeni, zimadya mphamvu imene uta wanu ulibe. Nolani ndi tupa kenako pa mwala kenako pachikopa mpaka izimeta ubweya wa pamkono. Ngati siikumeta siinathwe. Muvi supha ndi kugunda ngati chipolopolo, umapha ndi kudula mitsempha ya magazi, ndiye mpeni wobuntha umangokankhira mitsempha pambali nyama n'kumavutika masiku. Mivi yakuthwa chonchi izikhala m'phodo lophimba mitu yonse.

Kuphunzira kulasa

Gulani chikopa choteteza mkono ndi china cha zala. Yambani pa mamita 5 okha, inde 5, chifukwa panopa simukuphunzira kulunjika koma kuti thupi lizichita chinthu chimodzimodzi nthawi zonse. Imani chammbali, miyendo motalikirana ngati mapewa. Uta muugwire mofewa, osaufinya ngati mpini. Zala zitatu pa nsinga, ena amaika chimodzi pamwamba pa muvi ziwiri pansi, ine ndimaika zonse zitatu pansi poti muvi umayandikira diso. Kokani ndi msana mpaka chala chapakati chikhudze pangodya ya pakamwa, ndipo malo amenewo asamasinthe, lero mawa mpaka kale. Imani pamenepo kamphindi, yang'anitsitsani kadontho kamodzi, kenako zala zingofewa nsinga ichoke yokha, dzanja libwerere kumbuyo cha kukhutu. Mkono wa uta usagwe mpaka mutamva muvi kuti thi pa chandamale.

Mivi 20 tsiku lililonse imaposa mivi 200 Loweruka lokha. Mukatopa siyani, munthu wotopa amaphunzira zolakwika. Kenako muzibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mamita 8, 10, 12, 15. Muyezo wanga ndi mbale ya pepala ija timadyera pa maphwando, kukula kwake n'kofanana ndi malo a mapapo ndi mtima wa gwape. Mtunda umene mumalowetsa mivi 9 mwa 10 m'mbalemo ndiwo malire anu, ndipo kutchire muchotsepo mamita awiri kapena atatu chifukwa kumeneko mtima umagunda, manja amazizira, jekete imakulemerani. Kukatsala mwezi yambani kulasa ndi broadhead yeniyeni, mutavala zovala zomwe mudzasakire, mutakhala pampando, mutagwada, ndipo ngati mudzakwera mumtengo muyeserenso kuchokera m'mwamba. Chinanso chimene chinandithandiza kwambiri ndi kudzuka m'mawa n'kuponya muvi umodzi wokha thupi lisanatenthe, chifukwa kutchire mudzapatsidwa umodzi womwewo.

Pali chifukwa chinanso chokanira patali. Muvi wa uta wotere umayenda mamita 50 kapena 55 pa sekondi, pamene phokoso limayenda pafupifupi 340. Gwape amamva nsinga muvi usanafike, ndipo akamva amagwetsa thupi pansi kuti adumphe. Pa mamita 12 kawirikawiri sapeza mpata wokwanira. Pa mamita 25 muvi umene munalunjika pa mapapo umakafika pamsana kapena m'mimba.

Kufufuza malo

Mu Ogasiti ndi Seputembala yendani m'tchire mwanumo masana. Gwape moyo wake ndi malo atatu: pogona, podya, ndi kanjira kolumikiza. Amagona m'ziyangoyango, mudzaona udzu utagona mozungulira. Amadya m'mphepete mwa minda ya soya ndi chimanga, ndipo Okutobala akafika amathamangira mbewu za mitengo ya oak, makamaka white oak poti zake sizowawa ngati za red oak. Masamba a white oak ndi a nsonga zobulungira, a red oak ndi osongoka, phunzirani kusiyanitsa. Mukapeza mtengo umene ukugwetsa mbewu, pansi pali makoko otafunidwa ndi ndowe zatsopano zonyezimira ngati za mbuzi, basi mwapeza. Onaninso timitengo tosupuka khungwa pomwe wamphongo amakhuza nyanga, ndi malo opalasidwa pansi pa nthambi yolendewera. Kumayambiriro kwa Novembala ndi nyengo yokwerana, amphongo amayenda ndi masana omwe kufunafuna akazi, ndipo ngati muli ndi masiku a holide kuntchito muwasungire sabata ziwiri zimenezo.

Sankhani pokhala mamita 10 mpaka 14 kuchokera pa kanjira, osati pa kanjira penipeni. Dulani tinthambi tochepa tomwe tingagunde muvi, ndipo kokani uta pamalopo muone ngati nsonga yake siikugunda nthambi kapena pansi, uta wachikale ndi wautali. Ine ndimakonda kukhala pansi, msana ku tsinde la mtengo waukulu, kutsogolo nthambi zouma zingapo. Ngati mukufuna nsanja ya mumtengo musakwere kwambiri, mamita anayi akwana, mukakwera kwambiri muvi umatsika chopendekera n'kugwira papo limodzi lokha. Ndipo lamba wodzimangirira ku mtengo muvale kuyambira phazi likuchoka pansi mpaka kutsika. Ngozi zambiri zoopsa za alenje kuno ndi kugwa mumtengo. Uta muukweze ndi chingwe mutakhala kale.

Mphepo

Maso a gwape mutha kuwanamiza mukakhala phee, makutu mutha kuwanamiza poti tchire lili ndi phokoso lake, koma mphuno ayi. M'masitolo muli sopo ndi zopopera zochotsa fungo zambirimbiri, ine ndimangochapa zovala ndi soda n'kuzisunga m'bokosi panja kutali ndi kukhitchini, chifukwa fungo la anyezi ndi usipa wokazinga limakakamira nsalu. Koma olo mutasamba bwanji, mphepo ikachoka kwa inu kupita kwa iye zatha. Mphepo izichokera komwe nyama ikuchokera n'kumakuombani kumaso. Pa malo aliwonse dziwani mphepo imene imagwirizana nawo, ikakhala yolakwika tsiku limenelo musapite, mukangomununkhitsa kamodzi wamkazi wamkulu uja amasintha njira sabata yonse. Khalani ndi malo awiri kapena atatu.

M'thumba ndimayenda ndi thonje la chomera cha kuno chotchedwa milkweed, ndimatsina kachidutswa n'kukasiya kauluke, kamakuonetsani komwe fungo lanu likupita mpaka patali. Pamalo otsetsereka kumbukirani kuti m'mawa dzuwa likatentha mpweya umakwera mtunda, madzulo kukamazizira umatsikira kukhwawa. Njira yolowera nayonso muiganizire, musadutse podyera kapena pa kanjira kawo. M'mawa fikani kudakali mdima, ola lathunthu kusanache. Sizoni ya mfuti ikayamba chapakati pa Novembala, nanunso a uta muyenera kuvala chovala cha olenji chowala.

Nyama ikafika

Ndikuuzeni za m'mawa wina wa Okutobala. Ndinali pansi pa white oak, kukuzizira, mbewu zikugwa apo ndi apo kuti tho, tho. Agologolo anali atandinamiza kale kangapo. Kenako ndinamva kuyenda kwina, kwapang'onopang'ono, masitepe atatu n'kuima, ndipo wamkazi anatulukira kumanzere ali yekha, mphuno yakuda yonyowa, makutu akutembenuka lililonse palokha. Anaima mondiyang'ana pa mamita 12 ndipo ndinkamva mtima wanga m'makutu. Sindinasunthe olo chala. Anaweramitsa mutu ngati akudya n'kuudzutsa mwadzidzidzi, amatero dala kuti akugwireni mukusuntha. Panatha mwina mphindi zisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Atayamba kuyenda mutu wake unalowa kuseri kwa mtengo, pamenepo ndi pomwe ndinakweza uta n'kukoka, atatulukira mbali inayo mwendo wakutsogolo unapita patsogolo nthiti zonse poyera, ndinasankha kaubweya kamodzi n'kusiya nsinga.

Malamulo ake ndi amenewo. Kokani pokhapokha maso ake atabisika kapena akuyang'ana kwina. Lasani nyama itaima chammbali, kapena itapendekera pang'ono kutali ndi inu. Tsatirani mwendo wakutsogolo kukwera m'mwamba, gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi, kumbuyo pang'ono kwa phewa. Ikapendekera kutali lunjikani ngati mukufuna muvi ukatulukire pa mwendo wa mbali inayo. Ikakuyang'anani chamaso, ayi. Ikapendekera kwa inu, ayi, fupa la phewa latchinga. Pamutu, pakhosi, kumbuyo, ikuthamanga, zonsezi ayi. Ndipo musayang'ane gwape yense, musayang'ane nyanga, sankhani kadontho kakang'ono. Mukaona makutu ali tcheru, thupi lili gwa, akupondaponda pansi ndi mwendo, musiyeni, ameneyo adumpha nsinga ikangolira. Nyama zambiri zimene zimadutsa pafupi nane sindiponya n'komwe, ndipo tsiku lotero ndimabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Muvi ukachoka

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse kwambiri. Khalani pomwepo. Penyetsetsani komwe nyama yalowera, sungani m'mutu mtengo womaliza umene yadutsa, mvetserani ngati mumva kugwa. Onani nthawi pa foni. Dikirani mphindi 30 olo mukukhulupirira kuti mwalasa bwino. Kenako pitani mwakachetechete pomwe inaima mukaone muvi, muviwo ukuuzani zonse. Magazi ofiira mowala a thovu ndi a mapapo, nyama ili pafupi, kawirikawiri siipitirira mamita 100. Magazi akuda bii ndi a chiwindi, bwererani, dikirani maola anayi kapena kuposa. Muvi ukakhala ndi zobiriwira kapena zotuwa zonunkha ndiye mwalasa chifu kapena matumbo, tulukani m'tchiremo mwakachetechete mudikire maola 8 mpaka 12. Nyama yovulala ikapanda kuthamangitsidwa imagona pafupi n'kufera pomwepo. Mukaidzutsa imathamanga kutali, bala limatsekeka ndi mafuta, magazi amasiya kudontha.

Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira chaka changa chachiwiri. Ndinaponya pa mamita opitirira 20, nyama itapendekera kwa ine, muvi unalowa kumbuyo. Magazi anali akuda, ndinaona ndi maso anga, koma mtima unandithamangitsa ndipo mphindi khumi zisanathe ndinali m'mbuyo mwake. Ndinamudzutsa pomwe anagona, pansi pali magazi ambiri, anadumpha mpanda n'kupita. Ndinafunafuna tsiku lonselo ndi lotsatira, ndinakamupeza tsiku lachitatu m'khwawa ankhandwe a kuno aja amati coyote atamudya kale. Nyama inavutika ndipo palibe anadya, chifukwa cha ine. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo malire a mamita 15 aja ndinadziikira tsiku limenelo.

Potsata magazi yendani pambali osawaponda, ikani kachidutswa ka tishu pa dontho lililonse kuti mukatembenuka muone mzere wake. Onani pa masamba ndi pa udzu wa msinkhu wa bondo, osati pansi pokha. Akatha, bwererani pa dontho lomaliza, gwadani, zungulirani pang'onopang'ono. Anthu awiri akwana, gulu limafufuta zizindikiro. Ikalowa munda wa munthu wina pemphani kaye musanadumphe mpanda. Zikavuta kuli anthu a agalu otsata magazi, kuno n'zololedwa bola galuyo ali pa chingwe. Mukaipeza ifikireni chakumsana, ikhudzeni diso ndi kamtengo, likapanda kuphethira yafa.

Kutumbula ndi kusamala nyama

Musanayambe china chilichonse lembani kapepala ka dzina lanu, adiresi, nambala ya laisensi, tsiku, ndi ngati ndi wamkazi kapena wamphongo. Pasanathe maola 48 mulembetse nyamayo pa CheckIN Game, njira ya DNR yolembetsera nyama pa intaneti, akupatsani nambala, isungeni.

Amene munaphapo mbuzi apa simuvutika. Valani magolovesi. Igonekeni chagada mutu kumtunda, chekani mozungulira kotulukira ndowe, kenako tsegulani mimba kuyambira pansi mpaka pachifuwa mpeni utayang'ana m'mwamba, zala ziwiri zikukankhira matumbo pansi kuti musaboole chifu kapena chikhodzodzo. Dulani kanyama kopyapyala kolekanitsa chifuwa ndi mimba, lowetsani dzanja mugwire kholingo, dulani, kokani zonse zituluke pamodzi. Polowetsa dzanjapo samalani, ngati muvi unathyoka broadhead ikhoza kukhala mkatimo. Mtima ndi chiwindi ine sindisiya, ndimayenda ndi jumbo yake. Tembenuzani nyama magazi akhuthuke, ikani kamtengo kotsegula nthiti mpweya uzilowa.

Okutobala kuno nthawi zina kumatentha, ndiye thamangani nayo. Nyama iyenera kuzizira kufika pa madigiri 4, kukakhala kofunda ikani matumba a ayezi m'chifuwa kapena sendani n'kuduladula tsiku lomwelo muike m'firiji. Matenda a CWD, amene amagwira ubongo wa agwape, anapezeka koyamba ku Indiana mu 2024 ku LaGrange County, kufupi ndi ife, ndiye musadule ubongo kapena fupa la msana, musadye nyama yooneka yodwala, ndipo ngati mwasaka dera limenelo kayezetseni kudzera ku DNR musanadye. Zija timakonda za mutu wa mbuzi, pa gwape zisiyeni. Mukafika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa thupi lonse chifukwa cha matenda a Lyme. Kugulitsa nyamayi n'koletsedwa, koma kugawa mutha, ndipo mwini munda muyambe ndi iyeyo, mupatseni yabwino.

Podula chotsani mafuta onse oyera ndi kachikopa konyezimira kaja, mafuta a gwape ndi amene amabweretsa fungo limene anthu ena amadana nalo. Minofu iwiri yaitali ya m'mbali mwa msana ndiyo yofewa kuposa yonse, imeneyo yotchani mwachangu pa makala ndi mchere basi, mukaichedwetsa pamoto imauma poti ilibe mafuta. Khosi, mapewa ndi miyendo phikani pa moto wochepa maola awiri kapena atatu ndi anyezi, tomato ndi tsabola wa kambuzi ngati mwamupeza, msuzi wake pa nsima simudzaiwala. Ina yotsala ilengeni mizeremizere, thirani mchere muiwambe.

Broadhead imene yalasa nyama itsukeni ndi madzi otentha muinolenso isanabwerere m'phodo, ndipo muvi wa carbon muupinde pang'ono pafupi ndi khutu, ukamveka kuti tsetse wang'ambika mkati, utayeni. Uta muupukute, nsinga muipake phula, ndipo ngati ndi selfbow muzimasula nsinga tsiku lililonse mukabwerako. Muugoneke chopingasa pa misomali iwiri m'chipinda chozizira, kutali ndi hita, ndipo musausiye m'galimoto padzuwa chifukwa kutentha kumamatula guluu wa mikono yake.